Chithunzi cha Kangaude Sichinena Zonse

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, tsiku lina mwana adzakubweretserani chithunzi cha kangaude amene anamupeza pa una mumchenga wa ku Nkopola kapena ku Malindi, nadzafunsa dzina lake. Pamenepo mudzafuna kutchula dzina lililonse poopa manyazi. Ine ndikuti musatero.

Chithunzi chooneka bwino chingathe kukuuzani banja la kangaudeyo. A m'banja la Lycosidae ali ndi maso 8 m'mizere itatu: anayi aang'ono pansi, awiri aakulu pakati, ndi awiri pamwamba. Wamkazi amayenda ndi thumba la mazira kumbuyo, ndipo mazira akaswa amabereka ana kumsana. Ambiri satchera ukonde, amasaka tizilombo pansi, ndipo ena amakumba una. Koma banjali lili ndi mitundu yoposa 2,000, yambiri yofanana kwambiri, kotero kuti akatswiri amaisiyanitsa poyang'ana ziwalo zoberekera pa maikulosikopu. Ngakhale chambo cha m'nyanja yathuyi chili ndi mitundu ingapo yovuta kuisiyanitsa pa chithunzi.

Choncho muuzeni mwanayo zokhazo zimene chithunzi chikutsimikiza. Kenaka mutumeni akaone yekha: ayeze kukula kwa una, aone ngati pakhomo pake pali ulusi, koma asapisemo chala. Madzulo aunike ndi tochi pabwalo la kwawo, pakuti maso a akangaudewa amanyezimira. Dzina labodza mwana amaliloweza msanga, ndipo kulichotsa m'mutu mwake n'kovuta kuposa kuvomera pamaso pa kalasi kuti chithunzi chokha sichikukwanira.