Pikapu ikagwa kumbuyo, musathamangire mashokapu

Nyengo yokolola ikafika, taimani pa Lizulu kapena pa Jenda muone mapikapu akudutsa mu msewu wa M1. Ambiri mphuno imakhala m'mwamba, kumbuyo kuli pansi ngati galu wokhala pakhomo, atasenza mbatatesi, kabichi kapena chimanga, eni katundu ali pamwamba pa matumba. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ena mwa magalimoto amenewa amakhalabe chogwa ngakhale katundu yense atatsitsidwa. Apo ndiye kuti masipiring'i atha.

Ndikunena masipiring'i chifukwa alimi anzanga ambiri amene anagula Hilux, Datsun kapena Peugeot 504 yakale amataya ndalama pogula mashokapu atsopano poganiza kuti galimoto idzuka. Siingadzuke. Shokapu sinyamula katundu, ntchito yake n'kuletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda bampu. Chonyamula ndi mpukutu wa zitsulo zopindika zija zosanjikizana pamwamba kapena pansi pa ekiselo. Zikasenza mopyola muyeso chaka ndi chaka zimawongoka, mwina chimodzi n'kuthyoka. Shokapu musinthe pokhapokha ngati ikudontha mafuta kapena galimoto ikumanjanja.

Kuyeza sikulira makaniko. Imikani galimoto yopanda katundu pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya wofanana, ndipo muyeze ndi ndodo kuchokera pakati pa wilo kufika pa bodi, mbali zonse ziwiri. Kenaka suzumirani pansi. Onani ngati pali chitsulo chong'aluka, ngati zitsulo zasemphana chifukwa bawuti ya pakati yaduka, ngati mabushi a kumapeto anyenyeka, ndiponso ngati kamphira kotchinga kaja kakugunda ekiselo mpaka kusiya chipsera chonyezimira.

Tsono apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi amisiri ena a pansi pa mtengo. Sindikuwanyoza, pakuti popanda iwo theka la magalimoto a kumudzi kuno bwenzi ali pa miyala. Koma pali njira zitatu zimene ndimakana. Yoyamba ndi kuwotcherera chitsulo chothyoka. Chitsulo cha sipiring'i chinaumitsidwa mwapadera ku fakitale, ndipo moto umachotsa mphamvu imeneyo, kotero chimathyokanso pafupi ndi pomwe anawotcherera. N'chimodzimodzi kuchifiiritsa pa makala kuti achipindenso. Ndipo chikakhala chitsulo chachikulu, chimene chimagwira ekiselo ku chasisi, kuthyoka kwake n'koopsa: ekiselo imasuntha, galimoto n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Zimenezi zikakuchitikirani pa mtsetse wa Chiweta kapena potsikira ku Chikwawa, si tomato yekha amene angaphwanyike.

Njira ina ndi ija yolowetsa chipika cha mtengo kapena chidutswa cha tayala pakati pa ekiselo ndi chasisi, n'kumanga ndi malegeni. Galimoto imaoneka ngati yadzuka, koma bampu iliyonse imapita molunjika ku chasisi mpaka kung'aluka. Mwapulumutsa sipiring'i, mwapha galimoto.

Kusula zitsulo ndi hamala popanda moto kuti zipindikenso ndikuvomereza pang'ono, ngati ndalama zavuta, koma dziwani kuti chitsulo chotopa chimabwerera msanga. Chabwino ndi kugula mpukutu wina, watsopano kapena wochotsa ku galimoto ina koma wosang'aluka, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri. Mukasintha mbali imodzi galimoto imapendekeka. Pa ulendo womwewo ikani mabushi atsopano, bawuti ya pakati ndi ma U-bolt atsopano, chifukwa akale amakhala atatamuka. Mabawuti a m'mabushi amangidwe kotheratu galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi matayala ake, apo ayi mphira imapotoka n'kutha msanga. Ma U-bolt akungidwenso mukayenda maulendo angapo. Ndipo chonde, mwana wanu kapena wothandizira asalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Magalimoto ang'onoang'ono okhala ndi sipiring'i yozungulira ngati nkhata, iyo sikonzeka, n'kungosintha ziwiri zonse.

Nanga kuwonjezera chitsulo chimodzi pa mpukutu, monga amachitira a matola? Kwa galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi itasenza tsiku ndi tsiku, chimodzi sichoipa. Cholakwika ndi maganizo amene amabwera pambuyo pake, akuti tsopano yasanduka lole. Mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, mabering'i ndi omwe aja. Pikapu ya tani imodzi ndi makilogalamu 1,000, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amawerengedwa momwemo. Mukakweza anthu asanu, chotsani matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Timapikapu ta theka la tani, ngati Datsun 1200, n'ta matumba 10 basi.

Pamenepa mlandu si wa mwini galimoto yekha. Ife olipira hayala ndife timakakamira kuti "bwana, onjezani awiri okha, ulendo ukhale umodzi." Sitiganiza kuti kumbuyo kukalemera, matayala a kutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimva bwino, ndipo usiku nyali zimaloza m'maso mwa dalaivala wobwera kutsogolo m'malo mounika msewu. Katundu wolemera aziikidwa pafupi ndi kabini, osati kulendewera ku chitseko cha kumbuyo.

Ine pofuna galimoto yokatula fodya ku Kanengo kapena yokatenga feteleza, ndimaiona kaye isanakwezedwe kanthu. Ikakhala yogwa kale, kapena ndikaona chipika pansi pake, ndimafunsa ina, ngakhale mtengo wake ukhale wokwererapo.