Nkhope ikamatentha, musathamangire mafuta a kumsika

Amayi anzanga, pali matenda ena a pankhope amene ambiri mwa inu munawaonapo kwa mnzanu wa m'bungwe, mwinanso pagalasi panu, koma dzina lake simunalimve. Kuchipatala timawatchula kuti rosacea. Kawirikawiri amayamba munthu atapitirira zaka 30, ndipo amene amabwera nawo kwambiri ndi ife akazi. Sapha munthu, koma amamusowetsa mtendere kwa zaka, mpaka mayi amene ankatsogolera nyimbo amayamba kukhala kumbuyo atatsitsira duku kumaso. Ine ndikuona kuti nkhope zambiri kuno zimawonongeka ndi zimene timapaka ndi zimene timauzana tisanapite kuchipatala, kuposa mmene matendawo akanaziwonongera paokha.

Matendawa amakonda pakati pa nkhope: masaya, mphuno, chipumi ndi chibwano. Poyamba nkhope imangotentha mwadzidzidzi ngati mwayandikira moto, kenaka n'kuzizira yokha. Pakapita miyezi, kutenthako kumabwera pafupipafupi ndipo kumachedwa kutha. Khungu limalasalasa kapena kuwawa mukasamba ndi sopo kapena mukadzola mafuta amene kale sankakuvutani. Kenaka pamatuluka tiziphuphu, tina tokhala ndi mafinya kunsonga. Kwa ena, makamaka abambo, khungu la pamphuno limakhuthala, mphuno n'kukula ndi kuoneka ya mabampumabampu.

Mabuku ambiri amati chizindikiro chachikulu ndi kufiira kwa nkhope, chifukwa matendawa anaphunziridwa kwambiri pa azungu. Apa m'pamene ife timaphonyera. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Chimene mungaone ndi masaya oderako kuposa nkhope yonse, mwina otupa pang'ono, ndipo mukawagwira ndi kuseri kwa dzanja amamveka ofunda. Choncho mverani kwambiri zimene nkhopeyo ikukuuzani kuposa zimene galasi likuonetsa. Kusiyana kwake ndi ziphuphu za achinyamata n'kwakuti pa rosacea sipakhala timitu takuda kapena toyera tija timatseka timabowo ta khungu, komanso kawirikawiri safika kumsana ndi pachifuwa. Mayi wa zaka 45 akayamba ziphuphu zotentha pamasaya, asamangoti ndabwerera ku utsikana.

Maso nawonso amakhudzidwa, ndipo ichi ndi chimene ndimachiopa. Amauma, amafiira, mumamva ngati mwalowa mchenga, m'mphepete mwa zikope mumatupa ndipo timazithupsa ta pachikope timabwerabwera. Ngati diso likuwawa, likuopa kuwala kapena mwayamba kuona mwachimbuuzi, musadikire tsiku la msika kuti mupitire limodzi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chenicheni choyambitsa rosacea ndi kusakanikirana kwa zinthu: mitsempha ya magazi ya pankhope imene imatseguka msanga, chitetezo cha khungu chimene chimachita ukali mopitirira, ndiponso kumtundu. Si matenda opatsirana. Sabwera chifukwa cha uve, ndipo kukhula nkhope ndi chinkhupule kumangowonjezera moto. Zimene zimawadzutsa mumazidziwa bwino, chifukwa ndi moyo wathu wa tsiku ndi tsiku: dzuwa la kumunda, kutentha kwa mbaula ndi nkhuni, nthunzi ya mphika wa nsima, tiyi wowotcha pakamwa, tsabola wa kambuzi, mowa, nkhawa, ndi kutentha thupi kumene kumabwera pa nthawi yosiya kusamba. Mayi amene wachezera pamafuwa kuphikira anthu pamaliro akhoza kudzuka mawa lake nkhope itatupa. Mukamagawana ntchito zotere, mayi wa vutoli mupatseni yosadzula masamba kapena yotsuka mbale pamthunzi, ndipo musamunene kuti ndi waulesi.

Ndiyeno pali miseche. Mphuno ikakula, timati bamboyo ndi wa kachasu. Masaya akatuluka ziphuphu, timanong'onezana kuti ali ndi kachilombo, kapena kuti wina wamuponyera. Mowa umadzutsadi matendawa kwa amene ali nawo kale, koma alipo ambiri odwala rosacea amene sanalawepo dontho. Manong'onong'o oterewa ndi amene amachititsa mayi kufunafuna chobisira nkhope msangamsanga m'malo mokaonetsa kwa dokotala.

Chobisiracho amachipeza pa benchi la kumsika kapena m'chikwama cha mnzake. Timachubu tambiri togulitsidwa ngati mafuta ochotsa ziphuphu kapena oyeretsa khungu timakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid. Werengani pa chubupo: mukaona mawu akuti betamethasone kapena clobetasol, ndi amenewo. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake kuchipatala, pa matenda ena, kwa masiku owerengeka. Pankhope ya rosacea amanyenga. Sabata yoyamba kutentha kumazilala, ziphuphu zimaphwa, anzanu n'kumati mwasalala. Mukangosiya, nkhope imabuka kuposa kale, ndiye mumagula ina. Miyezi ikamapita khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimachuluka kuzungulira pakamwa ndi pamphuno. Ngakhale munthu amene analibe rosacea amatha kudzipangira matenda ofanana nawo ndi mafuta amenewa. Ena mwa mafuta oyeretsa amakhalanso ndi hydroquinone, amene mukawadzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa, kapena mercury, amene amawononga impso ndi mwana amene ali m'mimba. Mandimu, phulusa ndi mankhwala otsukira mano nazonso zimangopsereza khungu lodwala kale.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: kuchipatala n'kutali, thiransipoti yakwera, mzere ndi wautali, ndipo mwina akangondiuza kuti mankhwala atha. Zonsezi n'zoona, sindikutsutsa. Koma werengerani ndalama za machubu a chaka chathunthu. Komanso chimene mukukafuna koyamba kuchipatala ndi dzina la matenda anu, chifukwa pali ena amene amafanana ndi rosacea koma ndi oopsa. Lupus imatulutsa zidzolo pamasaya ndi pamphuno, limodzi ndi kuphwanya kwa mfundo, kutopa ndi kuthothoka tsitsi, ndipo imatha kugwira impso. Pellagra, imene imabwera thupi likamasowa vitamini B3 chifukwa chodya nsima yopanda ndiwo zokwanira, imadetsa ndi kusupula khungu la pakhosi, pamikono ndi pankhope, nthawi zina limodzi ndi kutsegula m'mimba. Chigamba choyererako chimene sichimva kukhudza chikhoza kukhala khate, limene mankhwala ake ndi aulere. Wogulitsa mafuta kumsika sangasiyanitse zimenezi.

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, cha boma kapena cha mishoni. Ngati pakufunika, adzakutumizani ku kiliniki ya matenda a pakhungu, monga ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pitani ndi nkhope yosadzola kanthu, mutanyamula buku lanu la kuchipatala ndi machubu onse amene mwakhala mukupaka, ngakhale otha. Musachite manyazi, tinawaona ambiri. Ngati mwapaka steroid kwa miyezi, nenani, kuti akuthandizeni kusiya mwadongosolo ndi kukukonzekeretsani masabata ovuta oyambirira. Nenaninso ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena mukufuna kutenga pakati.

Rosacea sichiriratu, koma imagonja bwino ndi mankhwala. Opaka ake ndi monga metronidazole, azelaic acid ndi ivermectin. Ziphuphu zikachuluka kapena maso akakhudzidwa, dokotala amawonjezera makapisozi a doxycycline kwa masabata angapo. Amenewa mayi woyembekezera samwa, n'chifukwa chake simuyenera kugawana ndi mnzanu ngakhale nkhope zanu zikuoneka zofanana. Amweni ndi madzi odzadza kapu, ndipo musagone pansi mutangomwa, chifukwa amapsereza kummero. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 12, ndipo ambiri amasiya pa sabata yachiwiri poganiza kuti sakugwira ntchito.

Zotsalazo zili m'manja mwanu. Sambani nkhope ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, pukutani mongogunditsa nsalu yofewa. Kumunda valani chipewa cha mlomo waukulu pamwamba pa duku, panjira fundani ambulera, ndipo ngati mungakwanitse dzolani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, makamaka pamene mukumwa doxycycline chifukwa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Tiyi muzimudikira azizireko. Kwa mwezi umodzi muzilemba kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala tsiku limene nkhope yatentha ndi chimene munadya kapena kuchita, popeza chodzutsa matendawa kwa mayi uyu si chimene chimadzutsa kwa uyo, ndipo mukadzabwerera kukaonana ndi dokotala mudzamuonetse tsambalo.