Amati Kusamutsa, Ine Ndimati Kuthamangitsa

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho mawu ofewa a m'maofesi sindiwakhulupirira msanga. Mu 2011 khonsolo ya Ekurhuleni inagwetsa zisakasa za ku Bapsfontein, ikunena kuti ikupulumutsa anthu chifukwa nthaka yakumeneko imatitimira. Pa mlandu wa Pheko, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula chaka chomwecho kuti khonsoloyo inaphwanya lamulo. Inachotsa anthu popanda chilolezo cha khoti, chomwe gawo 26 limafuna.

Lamulo la PIE la 1998 limatchula mwachindunji anthu aulumali, okalamba, ana ndi mabanja oyendetsedwa ndi amayi. Woweruza ayenera kuganizira zosowa zawo asanalole kuti achotsedwe. Papepala zili bwino. Koma munthu woyenda pa njinga ya olumala ku Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park ku Boksburg, nyumba yake siithera pamalata. Imafika kwa mnansi amene amamukankha m'matope, kwa mwana womutungira madzi, kwa dalaivala wa takisi amene amadziwa kumudikira. Mukamutaya makilomita ambiri kutali n'kumupatsa chisakasa china, mwamulanda anthu onsewa. Ndalama yaboma yomwe amalandira mwezi ndi mwezi singagule mnansi.

Ena amati khonsolo ilibe ndalama ndipo malo ali ndi eni ake. Ndikumva. Nanga ndalama zolipirira ogwetsa nyumba zimachokera kuti? Irene Grootboom anapambana mlandu wa nyumba mu 2000, koma anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Chigamulo chopanda anthu ochilondola chimagona m'kabati.

N'chifukwa chake ndili kumbali ya makomiti a m'madera ndi magulu ngati Abahlali baseMjondolo, omwe mu 2009 anagonjetsa m'khoti lamulo la KwaZulu-Natal lothana ndi zisakasa. Komabe ndiwapempha ziwiri. Misonkhano ichitikire pomwe njinga ya olumala ingafike, ndipo wosamva akhale ndi womasulira. Chachiwiri, kaundula wa okhala m'dera asafunse pasipoti. Ramaphosa ikudziwa kuopsa kwake: mu Meyi 2008 osauka anathamangitsa osauka anzawo, ndipo Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo komweko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mutu umodzi susenza denga. Polemba mayina a oti atetezedwe, tiyambe ndi iye amene sangathawe buludoza ikafika.