Thanki Yochucha Imaba Madzi a Kudimba

Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa mtengo wa madzi. Komabe m'nyumba zina ku Petauke ndi ku Nyimba thanki ya chimbudzi imachucha usana ndi usiku, eni ake ali kudikira mmisiri. Ife tikuti mlimi wodziwa kukonza pulawo sayenera kudikira.

Thirani tiyi wakuda m'thanki. Mtunduwo ukatsikira m'chimbudzi musanagujumule, mphira wapansi watha: tsekani mpopi, chotsani mphirawo, ikani watsopano. Ngati madzi asefukira pamwamba, tsitsani mpira woyandama.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Madontho amenewa akadathirira repu ndi matimati m'dzuwa la Okutobala. Mulungu anatisungitsa madzi monga anatisungitsa nthaka, ndipo tidzayankha pa zonse ziwiri.