Ntchito Yoyang'anira Ogwira Ntchito: Walira Mvula Walira Matope

Chaka ndi chaka masukulu athu a ukachenjede amatsanzikana ndi anyamata ndi asungwana amene amaliza maphunziro awo. Pakati pa iwowa pamakhala ambiri ndithu amene aphunzira, kapena akulingalira zolowa, ntchito yoyang'anira anthu ogwira ntchito, imene pa Chingerezi imatchedwa Human Resource Management. Makolo amene anagulitsa fodya, mbuzi ndi chimanga kuti mwana aphunzire akufunsa funso loyenera: kodi ntchito imeneyi idzam'patsa mwana wathu tsogolo, kapena ndalama zathu zalowa m'madzi? Yankho lathu ndi lakuti ntchitoyi ndi yabwino ndiponso yolemekezeka, koma imakomera munthu wa mtundu umodzi wokha: wodziwa malamulo, wosaopa masamu, ndiponso wolimba mtima pokana choipa. Amene alibe zitatuzi ayambe wakhala pansi n'kuganiza kawiri.

Tikunena chomwechi chifukwa achinyamata ambiri amaiona ntchitoyi ndi maso a mlendo. Amaona bwana wovala tayi, wokhala mu ofesi yozizira bwino, amene anthu amam'gwadira pofuna ntchito. Ena amaisankha poganiza kuti ndi pothawira masamu ndi sayansi, ndipo ukawafunsa amangoti amakonda kucheza ndi anthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukonda anthu ndi khalidwe labwino, koma pakokha sikungakuchirikizeni tsiku limene mwatumidwa kukauza bambo wa ana asanu kuti ntchito yake yatha.

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi, tiyeni tikumbukire kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda, woyang'anira antchito anali kapitawo, ndipo zida zake zinali chikoti ndi tikiti yolembapo masiku. M'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu makolo athu ankagwira thangata, ndipo nkhanza za ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe anaukira atsamunda mu 1915. Mabungwe a Wenela ndi Mthandizi ankalemba amuna zikwizikwi kupita ku migodi ya ku South Africa ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo munthu ankawerengedwa ngati thumba la chimanga. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, mawu a wantchito anakhalabe ofooka kwa zaka zambiri. Mu Meyi 1992 ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons mu mzinda wa Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo motowo unafalikira m'makampani ena ambiri.

Pambuyo pa zimenezi dziko linakhazikitsa malamulo atsopano. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, pa malo osaika moyo pachiswe, ndi wolandira malipiro oyenera. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, ndipo mu 2000 kunabwera lamulo la ntchito limene tikugwiritsa ntchito mpaka lero, ngakhale lakonzedwa kangapo. Apa ndi pamene ntchito ya kapitawo inasandulika. Woyang'anira ogwira ntchito wa masiku ano ndi mlonda wa malamulo amenewa pakati pa kampani, ndipo wosawadziwa ali ngati msodzi wopita ku nyanja wopanda ukonde.

Taonani zina mwa zimene munthu wotere ayenera kuzidziwa pamtima. Nthawi yogwirira ntchito isapyole maola 48 pa sabata. Wogwira ovataimu pa tsiku wamba alipidwe ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo wogwira pa tsiku lake lopuma alipidwe kawiri. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, pamene wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata asanu ndi atatu cholandira malipiro onse, ndipo kuyambira mu 2021 abambo nawo anapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa. Chaka chomwecho lamulo linathetsa mchitidwe wa matenanti m'minda ya fodya. Izi si nkhani zocheza. Ndi chakudya cha mabanja, ndipo wolakwitsa chimodzi walanda nsima pakamwa pa ana a mnzake.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani yochotsa munthu ntchito. Gawo 57 la lamulo la ntchito limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndiponso asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Milandu yochuluka imene imafika ku bwalo loona za ogwira ntchito ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu imayambira pomwepa. Bwana wakwiya m'mawa, walamula kuti wakutiwakuti achoke, ndipo wa mu ofesi ya ogwira ntchito walemba kalata mosafunsa. Patapita zaka, kampani ikulamulidwa kulipira chipepeso chachikulu pa mlandu umene ukadapeweka ndi msonkhano wa ola limodzi. Mlandu suola. Wophunzira amene angathe kuuza bwana wake mwaulemu kuti, "Pepani bwana, tiyambe tamumva munthuyu," amapulumutsa wantchito ndi kampani yomwe, ndipo olemba ntchito anzeru munthu wotereyu samutaya.

Tsono tinene za masamu, amene ena akuganiza kuti awathawa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse pamafunika kuwerengera malipiro a munthu aliyense, kudula msonkho wopita ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndi kutumiza ndalama za penshoni. Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza wolemba ntchito kusonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, pamene wantchito amasonkha 5, ndipo lamulo latsopano la penshoni la 2023 linasunga dongosolo lomweli. Palinso ndalama imodzi pa 100 iliyonse imene makampani amapereka ku bungwe la TEVETA kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. Kampani ikachepetsa antchito, wochotsedwa amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa zaka zisanu zotsatira, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse chopyola pamenepo. Wogwira zaka 12 ayenera kulandira malipiro a masabata 33. Wolephera kuwerengera zimenezi angatchedwe bwanji woyang'anira anthu?

Kunyozera mabuku amenewa kwalipweteka kale dziko lathu. Akuluakulu a Banki Yaikulu ya Malawi adandaula kangapo konse kuti olemba ntchito ena amadula ndalama za penshoni koma osazitumiza, kotero kuti munthu amazindikira atakalamba kuti nkhokwe yake ndi yopanda kanthu. M'boma namo kafukufuku wakhala akupeza maina a anthu omwalira kapena amene sanakhaleko n'komwe akulandirabe malipiro. Zonsezi zimadutsa m'manja mwa osunga mafaelo a ogwira ntchito. Choncho dziko likusowa anthu okhulupirika pa mipando imeneyi monga momwe likusowera anamwino ndi aphunzitsi.

Koma tisanamizane, abale anzanga: mipandoyo ndi yochepa. Kafukufuku wa ofesi ya kalembera ya ku Zomba wa mu 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno anali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula, monga ulimi wa pakhomo, geni ndi maganyu. Mwini golosale, mwini minibasi ndi mwini chigayo salemba woyang'anira antchito, amadziyang'anira yekha. Ngakhale pa kampani yaikulu, munthu mmodzi kapena awiri amasamalira anthu mazanamazana. Sukulu ikakula imafuna aphunzitsi ambiri, koma fakitale ikawonjezera antchito 50 kawirikawiri siwonjezera wa mu ofesi ndi mmodzi yemwe. Kuwonjezera apo, makompyuta atenga ntchito zambiri zimene kale zinkagwiridwa ndi makalaliki, monga kulemba masiku a tchuthi ndi kusindikiza mapepala a malipiro. Ndipo pa mpando umodzi umene walengezedwa mu nyuzipepala, wophunzira ntchitoyi amapikisana ndi ophunzira zamalamulo, zoyendetsa boma ndi zamalonda.

Nanga ntchitoyi imapezeka kuti? Imapezeka kumene kuli anthu ochuluka ogwira ntchito pamodzi: m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, m'makhonsolo a maboma, m'zipatala za mishoni, m'mabanki, m'makampani omanga misewu, m'mabungwe othandiza anthu, ndi m'boma kudzera ku nthambi yoona za ogwira ntchito. Ambiri mwa malo amenewa ali kutali ndi magetsi a mu mzinda. Wophunzira amene wakakamira ku Lilongwe ndi Blantyre adzatha nsapato akuyendayenda ndi envulopu m'manja. Amene avomera kupita ku esiteti, n'kuyamba ngati kalaliki wosunga kaundula, adzaphunzira m'zaka ziwiri zimene mnzake sadzaziona m'zaka khumi: mikangano ya malipiro, ngozi za pantchito, maliro, zokambirana ndi bungwe la apantchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chovuta koposa ndi mtima umene ntchitoyi imafuna. Woyang'anira ogwira ntchito ali ngati nkhoswe pa banja, koma nkhoswe yolipidwa ndi mbali imodzi. Antchito amamuyesa kazitape wa mabwana, mabwana nawo amamuyesa woikira kumbuyo antchito. Phindu likachepa, ndiye amanyamula makalata owawa amene ena alamula. Amadziwa malipiro a aliyense, matenda a aliyense ndi ngongole za aliyense, ndipo ayenera kukhala chete ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wake. Akafika kumudzi, amalume ndi azakhali amam'dikirira ndi maina a ana awo, ndipo akakana amatchedwa wodzikuza woiwala kwawo. Ena amabwera ndi kangachepe m'thumba. Ndiponso tonse tamva za mabwana opanda manyazi amene amafuna thupi la msungwana asanam'patse ntchito. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi linaika mchitidwe umenewu m'gulu la milandu, ndipo wopezeka wolakwa atha kukhala kundende zaka zisanu. Koma lamulo lolembedwa silidziyendera lokha. Limafuna munthu mu ofesi amene msungwana wozunzidwa angam'fikire mopanda mantha.

Alipo amene akuti, poti zinthu zili chomwechi, ndi bwino mwana aphunzire zowerengera ndalama kapena uinjiniya, ntchito zimene zili ndi msika wooneka. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo amene mtima wake uli kumeneko apite ndithu. Komabe kampani siyenda ndi makina okha. Fakitale yokhala ndi makina atsopano koma antchito okwiya imaima, ndipo chipatala chokhala ndi mankhwala koma anamwino osakwezedwa kwa zaka zambiri chimataya anthu ake aluso. Ubwino wina wa ntchitoyi ndi wakuti luso lake silimangika pa malo amodzi. Wodziwa malamulo a ntchito atha kuchoka ku esiteti kupita ku banki, kuchoka ku banki kupita ku bungwe, ngakhale kudziimira payekha n'kumalangiza makampani ang'onoang'ono amene sangathe kulemba munthu wokhazikika.

Kwa inu achinyamata amene mwatsimikiza mtima, malangizo athu ndi awa. Werengani lamulo la ntchito lonse, tsamba ndi tsamba, osadalira zolemba za m'kalasi zokha. Pitani ku bwalo loona za ogwira ntchito mukakhale kumbuyo n'kumvetsera milandu, pakuti chitseko chake n'chotsekula kwa aliyense. Phunzirani kuwerengera malipiro pa kompyuta mpaka manja azolowere. Yandikirani bungwe la akatswiri a ntchitoyi la Institute of People Management Malawi kuti mudziwane ndi amene anakutsogolerani. Ndipo mukalembedwa, tulukani mu ofesi mukaone mmene wothyola tiyi, woyendetsa galimoto ndi mlonda wa usiku amagwirira ntchito, chifukwa simungaweruze bwino ntchito imene simunaione ndi maso.

Kwa inu makolo, musam'kakamize mwana ntchito imeneyi chifukwa cha tayi, ndipo akaipeza musam'sandutse khomo lolowera abale onse. Kwa inu olemba ntchito, tsekulani zitseko kuti ophunzira adzaphunzire ntchito akadali pa sukulu, pakuti simungafune munthu wa zaka zisanu pa ntchito pamene palibe amene akum'patsa chaka choyamba.

Walira mvula walira matope. Wofuna ulemu wa mpando umenewu avomerenso misozi, chidani ndi mayesero amene amabwera nawo. Akawavomereza, adzapeza ntchito yodyetsa banja lake, ndipo tsiku lina mlonda wokalamba adzalandira penshoni yake yonse, yosaperewera ndi tambala imodzi yomwe, chifukwa panali munthu wina amene anasunga mabuku mokhulupirika.