Tinawaseka a Nkoloso, koma za mvula tizifunsa kumwamba

Mukachula dzina la Edward Mukuka Nkoloso m'minibasi ya ku Chelstone kapena pa msika wa Kabwata, akuluakulu amayamba kuseka. Nafenso tinaseka. Lero tifuna kufunsa ngati kuseka kwathu kunali kwanzeru.

A Nkoloso anabadwa mu 1919. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali sajeni wotumiza mauthenga m'gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment. Atabwerako anaphunzitsa sukulu, nalowa ndale zomenyera ufulu, mpaka atsamunda anawatsekera m'ndende.

Mu 1960 anayambitsa bungwe la Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Pa famu ina kunja kwa Lusaka anali kulowetsa anyamata m'migolo ya mafuta ndi kuwagubuduza pa citunda, kuti azolowere ulendo wa kumwezi. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanapatsidwe. Anafuna kunyamuka pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu, koma roketi sinauluke. Anakonzanso zotumiza mmishonale ku Mars, namulangiza kuti asakakamize aliyense kumeneko kulowa Cikristu. Apa pokha ambiri a ife tingaphunzirepo.

Tinene zoona: mgolo si sayansi. Popanda masamu, aphunzitsi ndi zipangizo, munthu sangafike kumwamba. Apa a Nkoloso anaphonya. Koma funso lao linali labwino: kodi mwana wa Zambia azingoyang'ana thambo pamene ena akulifufuza?

Alimi anzathu, kumbukirani 2024. Cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Amene amatiuza pa wailesi za kabweredwe ka mvula amadalira zithunzi za masetilaiti opangidwa ndi maiko ena. Conco nkhani ya kumwamba ndi nkhani ya nsima.

Pempho lathu ndi ili. Makolo, mwana akafunsa cifukwa cace mwezi umasintha, musamukalipire kuti akukusokosani. M'mipakati ndi m'makomiti a sukulu tikambirane za labotale ndi aphunzitsi a masamu monga momwe timakambirana za malata a chalichi. Mwana wa ku Kabwata apeze zimene wa ku Kabulonga amapeza.

A Nkoloso anamwalira mu 1989 osafika kumwezi. Ngati zidzukulu zathu zidzalepheranso, mlandu udzakhala wathu.