Makina a X-ray Sajambula Okha

Caka ciliconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'nyumba zambiri za ku Kapata, Mchini, Nabvutika ndi Magazine mumakhala msonkhano wa banja. Mwana amene wakhoza bwino amamukhazika pa mpando, ndipo amalume, azakhali ndi makolo amayamba kumusankhira nchito. Nchito zimene zimachulidwa ndi zomwe zija: unasi, uphunzitsi, upolisi, ndipo ngati mwana wakhoza kopambana, udotolo. Nchito ya munthu wojambula za m'kati mwa thupi la wodwala, amene pa Cingelezi amachedwa radiographer, siimveka konse. Komatu pafupi-fupi aliyense wa pa msonkhanowo anakhalapo kale pa benci panja pa citseko colembedwa kuti X-ray, kapepala ka dotolo kali m'manja.

Cifukwa cake n'cosabisika. Sukulu za unasi zili pafupi: ku Chipata komweko, ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete. Koleji ya aphunzitsi nayo ili m'tauni momwemo. Makolo amaona ana a anzao atabvala yunifomu yoyera, ndipo amalakalaka zomwezo. Koma wojambula amagwira nchito yake citseko cili cotseka, ndipo sukulu zake zodziwika zili ku Lusaka, makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Ngakhale zili tero, mabanja a m'cigawo ca Kum'mawa ayenera kuiika nchito imeneyi pakati pa zija zosankhira ana, ndipo nthawi yoyamba kuiganizira ndi pamene mwana akali ku sekondale. Zotsatira zikatuluka, kwa ambiri madzi amakhala atapita kale.

Ena amayesa kuti nchito ya wojambula ndi kudinda batani cabe. Amene anaonapo m'mene imagwiridwira sanganene zotere. X-ray ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Kumapyola mnofu mosabvuta koma pfupa limakutsekereza, ndiye cifukwa cake mafupa amatuluka oyera pa cithunzi, pamene mapapo, odzala mpweya, amatuluka akuda. Wojambula ndiye amapima mphamvu yoyenera: ya bambo wonenepa si ya khanda, ya msana si ya cala. Pfupa limene akulikayikira amalijambula mbali ziwiri, kutsogolo ndi cam'mbali, popeza kuthyoka kumene kwabisala mbali imodzi kumaonekera mbali inayo. Pojambula cifuwa, amaimika wodwala mowongoka, namukankhira mapewa kutsogolo kuti mafupa a kumapewa asaphimbe mapapo, kenaka namuuza kukoka mpweya ndi kuusunga. Wodwala akapendekeka pang'ono, kapena akalephera kukoka mpweya wokwanira, mtima umaoneka waukulu kuposa m'mene uliri, ndipo dotolo angayambe kusaka matenda amene palibe. Ngakhale kacizindikiro kang'ono ka dzanja lamanja kapena lamanzere kamene amaika pa cithunzi si kamasewera. Kakasinthanitsidwa, cipatala cingathe kulimbana ndi mbali yabwino-bwino.

Zonsezi zimacitika ndi munthu amene akumva kuwawa, kapena amene ali ndi mantha. Apa m'pamene mwana wokulira kuno amapambana. Agogo a ku Madzimoyo kapena ku Mtenguleni amene sanalowepo m'cipinda ca makina amafuna wina wowauza m'cilankhulo cao kuti, "Agogo, kokani mpweya kwambiri, musautulutse mpaka ndikuuzeni." Mai aliyense wa msinkhu wobereka ayenera kufunsidwa ngati ali ndi pakati asanajambulidwe, ndipo funso lotere limafuna munthu wodziwa ulemu wa kwao, maka-maka ngati apongozi aperekeza ndipo aima capafupi.

Palinso cina. Dotolo amene anaphunzira mwapadera kumasulira zithunzi zimenezi amachedwa radiologist. Madotolo otere ndi ocepa kwambiri m'Zambia, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka. Motero m'zipatala za m'maboma, wojambula ndiye amayamba kuona cithunzi, ndipo kawiri-kawiri clinical officer amabwera kudzamufunsa maganizo. Munthu wotere sayenera kukhala amene analowa nchitoyo cifukwa cosowa kolowera.

Nchito yoti agwire ndiyo yosasowa m'cigawo cino. Cifuwa cacikulu ca TB cikali pakati pa anthu. Kafuku-fuku wa dziko lonse amene anacitika mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti mwa anthu 100,000 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, 638 anali ndi TB yotsimikizika, ndipo ofufuzawo anayenda ndi makina a X-ray m'madera kuti awapeze. Cithunzi ca cifuwa cimatha kuonetsa zizindikiro mwa munthu amene sanayambe n'komwe kukhosomola kwambiri, ngakhale kuti kutsimikiza kumacitika popima makhololo. Ndiyeno pali ngozi za pa msewu. Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo masiku ano njinga za moto zadzaza misewu, zina zitanyamula anthu atatu opanda zisoti. Wobvulala pa msewu wa Great East pafupi ndi Madzimoyo amathamangira naye ku Chipata Central Hospital, ndipo dotolo asanaganize za pulasitala kapena opaleshoni, amayamba wafuna cithunzi.

Amai apakati nawo ali pa mzere womwewo. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai aliyense aunikidwe pa sikani kamodzi mimba isanakwane milungu 24, kuti adziwe msinkhu weni-weni wa mimbayo, aone ngati ndi mapasa, ndi kuzindikira msanga zolakwika zina. Sikani ya mimba siigwiritsa nchito X-ray konse. Imatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu kamene kamagunda m'thupi ndi kubwerera, ndipo ambiri oigwiritsa nchito ndi ojambula omwewa. Amene afuna kupita patali amaphunzira makina a CT, amene amaonetsa thupi ngati lodulidwa m'zigawo-zigawo, kapena a MRI, amene amagwira nchito ndi maginito amphamvu. Ena amatsata njira yociza khansa ndi ceza, nchito imene inakhazikika m'Zambia pamene Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa ku Lusaka mu 2007.

Koma pali nkhani imene imanong'onedwa m'makomboni, ndipo ndi imene imabweza makolo ambiri. Amati wogwira nchito ku X-ray sabereka, amati makinawo amadya magazi ndi kucepetsa masiku a munthu. Mantha amenewa sanangocokera m'mwamba. Wilhelm Röntgen anatulukira kuwala kumeneku ku Würzburg m'dziko la Germany pa 8 November 1895, ndipo m'zaka zoyambirira anthu anali kuyesa makina ndi manja ao osadziteteza. Ambiri anapsa zala, ena anadulidwa mikono. Clarence Dally, amene anali kuthandiza Thomas Edison ku America, anamwalira mu 1904 ndi khansa yocokera ku nchito imeneyi. Pa imfa zotere ndi pamene malamulo a lero anaphunziridwa.

Lero cipinda ca X-ray cimamangidwa ndi zipupa zokhuthala kapena zokutidwa ndi mtovu, ndipo wojambula amaima kuseri kwa cochinga pamene makina ayaka. Akafunika kukhala pafupi ndi wodwala amabvala covala ca mtovu. Pa cifuwa pake amapacika kabaji kamene kamawerenga ceza conse cimene walandira, ndipo kamatumizidwa kukapimidwa nthawi ndi nthawi. Malire a dziko lonse lapansi kwa wogwira nchito ndi mamilisiveti 20 pa caka, ndipo wotsata malamulo amathera kutali kwambiri ndi malirewo. Wodwala amene wajambulidwa cifuwa kamodzi amalandira pafupi-fupi 0.1, zofanana ndi zimene munthu aliyense amalandira kucokera ku nthaka ndi kumwamba m'masiku 10 ali pakhomo pake. Makina akazima, ceza cimatheratu pomwepo. Sicitsalira m'cipinda, m'zobvala kapena m'thupi kuti munthu apite naco kunyumba. M'Zambia, bungwe la Radiation Protection Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2005, ndilo limapereka cilolezo ca makina ndi kuyang'anira citetezo cimeneci. Ojambula aamuna ndi aakazi amakwatira ndi kubereka monga anthu ena onse. Coyenera kuopa ndi malo amene amagwiritsa anthu nchito popanda baji kapena cochinga, ndipo wophunzira bwino amadziwa kukana. Zolemetsa zeni-zeni za nchitoyi ndi zina: kunyamula odwala, kudzutsidwa usiku ngozi ikacitika, ndi kukhala pafupi ndi okhosomola tsiku lonse.

Njira yolowera ili motere. Pamafunika makirediti 5 pa mayeso omaliza a sekondale, ndipo pakati pao payenera kukhala Cingelezi, masamu ndi sayansi. Apa m'pamene ana ambiri amagwera. Mtsikana amene anauzidwa ali wamng'ono kuti masamu ndi a anyamata, kapena mnyamata amene anali kuthawa kalasi ya physics kukatenga makasitomala pa njinga, amadzapeza citseko citatsekeka, ndipo kubwereza mayeso kumadya caka ndi ndalama. Evelyn Hone College ku Lusaka ndiyo yakhala ikuphunzitsa ojambula kwa zaka zambiri, ndipo dipuloma yake imatenga zaka 3. Digiri imapezeka ku University of Zambia ndi ku Lusaka Apex Medical University, ndipo imatenga nthawi yotalikirapo. Womaliza maphunziro ayenera kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia asanakhudze wodwala. Makolo acenjere pamenepa. Makoleji a za umoyo aculuka, ndipo asanagulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga ayambe afunsa ngati kosi imene mwana akufuna ndi yobvomerezeka ndi bungwe limeneli. Pepala losabvomerezeka silipatsa munthu nchito, ngakhale likhale lokongola motani.

Ndalama ndi bvuto, popeza pamwamba pa fizi pali lendi ndi cakudya ca ku Lusaka. Komabe kuyambira mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, gawo lina linapatulidwa kuti lizilipirira acinyamata maphunziro a luso, ndipo mafomu ake amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi. Opita ku yunivesiti ya Boma angapemphe ngongole ku Higher Education Loans and Scholarships Board. Banja limene lafunsa msanga limapeza mpata kuposa limene ladikira kalata ya ku koleji.

Nanga nchito ikapezeka? Apa palibe cifukwa conamiza munthu. Wolemba nchito wamkulu ndi Boma, ndipo Boma sililemba caka ciliconse mofanana. Mu 2022 linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, koma ambiri mwa iwo anali atakhala pakhomo zaka, ena akugwira modzipereka popanda malipiro. Cipatala cimene cili ndi manasi ambiri-mbiri cimakhala ndi ojambula owerengeka cabe. Malo ndi ocepa, koma olimbirana malowo ndi ocepanso. Kunja kwa Boma kuli zipatala za mishoni ndi za eni, kuli nchito yopima mapapo a anthu a m'migodi ku Copperbelt, ndipo ena amene anayambira kuno akugwira nchito ku Britain ndi ku Ireland. Wodziwa sikani bwino sasowa womufuna.

Ena akuti kompyuta idzalanda nchito imeneyi. N'zoona kuti zinthu zasintha. Cipinda ca mdima cotsukira mafilimu cikutha, zithunzi zimatuluka pa kompyuta ndipo zingatumizidwe kwa dotolo wa kutali pa intaneti. Mu 2021 World Health Organization inabvomereza mapulogilamu a kompyuta othandiza kuwerenga zithunzi za cifuwa posaka TB. Koma pulogilamuyo imawerenga cithunzi cimene munthu wajambula. Siingaimike agogo mowongoka, siingatonthoze mwana wolira amene wathyoka mkono, ndipo cithunzi cikakhala coipa nayonso imasokera. Makina atsopanowa, poti ena ndi onyamulika, akucititsa kuti ojambula afunike m'malo amene kale sanali kufikako.

Makhansala ndi makomiti a CDF ali ndi mbali yao. Pa misonkhano anthu amapempha nyumba ndi makina, ndipo n'zoyenera. Koma funso lakuti adzayendetsa makinawo ndani silimveka kawiri-kawiri. Nyumba imamangidwa m'miyezi yocepa, pamene wojambula amafuna zaka 3. Konsticuwensi iliyonse ya m'dera la Chipata ingathe kulipirira mwana mmodzi kapena awiri pa kosi imeneyi, mogwirizana kuti akamaliza adzayambe watumikira kwao.

Masukulu nawo asadikire Lusaka. Madzimoyo wakhala malo a maphunziro kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anafikapo mu 1903, ndipo sukulu ya sekondale ya pamenepo, pamodzi ndi Chizongwe ndi St Monica's, ili ndi ana okhoza masamu ndi sayansi amene sanamvepo dzina la nchitoyi. Mphunzitsi wotsogolera ana pa zosankha nchito angalembe kalata kwa akulu a cipatala, kupempha kuti wojambula mmodzi abwere kudzalankhula ndi ana a Giredi 10, kapena kuti kagulu ka ana kakaone cipinda ca X-ray pa tsiku la 8 November, limene ojambula pa dziko lonse amakumbukira nchito yao. Kucokera ku Madzimoyo kufika pa cipata ca Chipata Central Hospital ndi ulendo wa minibasi wosakwana ola limodzi.